Mayeso Ali Lachisanu

Magetsi azima ku Chiputula.
Ndayatsa kandulo, ndafunda chitenje pamwamba pa juzi,
kope lili pamiyendo,
mvula yamawawa ikukukuta malata ngati mbewa.

A Mwafulirwa anati tiloweze mawu khumi ndi awiri.
Anawalemba pabolodi, choko chitawayeretsa zala,
nati, "Awa ndi mayina chabe,
eni mayinawa mumagona nawo nyumba imodzi."
Tinaseka. Nanenso ndinaseka.

Loyamba: kuphunzira mwa chizolowezi.
M'buku muli galu wa kudziko lozizira kuposa kuno.
Ankamva belu, kenaka nyama,
belu, nyama,
mpaka belu lokha linayamba kumudonthetsa dovu.
M'mphepete mwa tsamba ndalemba ndi pensulo:
belu la njinga ya bambo.
Likalira kawiri pachipata, tinkathamangira mabanzi.
Likalira kamodzi, tinkalowa kunsi kwa bedi.
Papita zaka zisanu ndi ziwiri chiwaikireni m'manda,
koma wakabaza akaliza belu pa Katoto
mapewa anga amakwera okha
ndisanawatume.

Kusamutsa mkwiyo.
Kapitawo wa kumacheka ku Chikangawa ankazazira bambo,
bambo ankazazira amayi, amayi ine,
ine ndinkamenya theche chidebe chotungira madzi.
Chidebecho chilipobe, chinaphwanyika nthiti imodzi.
Palibe anachipepesa.

Kukana zoona.
Loweruka lililonse amayi amapolisha nsapato zija.
Akuti chikopa chingang'aluke.
Chitsanzo ichi sindikachilemba pamayeso.

Chibadwa kapena kaleredwe?
Mchimwene wanga Wanangwa amayenda ngati bambo,
phewa limodzi kutsogola,
amatsokomola asanalankhule ngati bambo,
botolo amaligwira pakhosi ngati bambo.
Ndi magazi kodi, kapena maso amene ankaonerera
pamng'alu wa chitseko?
Buku likuti zonse ziwiri,
ati usafunse chakulitsa mtengo pakati pa mbewu ndi dothi.
Yankho labwino, la malikisi asanu.
Silinagonekepo munthu tulo.

Apa pali mawu aatali:
kukhumudwa kosatherapo.
Zizindikiro zake azindandalika ngati mitengo ya zinthu pa Taifa.
Kusowa tulo.
Kusakhumba chakudya.
Kutaya chidwi ndi zimene unkazikonda.
(Wailesi yake ya mpira yagwira fumbi pawindo.)
Kudziona wopanda pake.
Kutopa usanagwire kanthu.
Ndawerenga ndi chala, ndafika pachisanu,
ndasiya.
Akuti zikapitirira masabata awiri.
Kwathu kuno yatha miyezi inayi
chimuchotsereni ntchito kufakitale ku Luwinga.

Amalume akuti ndi ulesi, mwamuna salira.
Azakhali a ku Mchengautuwa akuti alipo anamuponda.
Amayi amvano anabwera, anaimba, anamwa tiyi, anapita.
Ine ndili ndi dzina la matendawa, kalembedwe kake ndikukadziwa,
ndipo ndakhala ndikudutsa pamphasa yake m'mawa uliwonse
ndikuthamangira kalasi ya khalidwe la munthu.

Mawu omaliza patsambali ndi aafupi:
kumvetsera.
Tanthauzo lake ndi mzere umodzi ndi theka.
A Mwafulirwa anati apa ndi pamene ambiri amalephera,
osati papepala ayi,
koma pampando, moyang'anizana ndi munthu,
lilime likuyabwa kupereka malangizo.
Anati khala chete mpaka chetecho chiyambe kukuwawa,
ndiye ukhalebe pang'ono.

Kuseri kwa katani mphasa yalira.
Wogona satembenuka chotero.

"Wanangwa, uli maso?"

Mvula. Galu wa aneba. Njinga yamoto kutali ku Zolozolo.
Phula latsikira pambale, lauma.
Lilime layamba kuyabwa, ndaliluma.

"Eya," akutero,
ndi kachitsokomolo kaja patsogolo.

Atsala mawu asanu ndi awiri osaloweza.
Ndatseka kope,
ndanyamula kandulo, dzanja likutchinga lawi,
ndakankha katani ndi chigongono.